Mpando Umene Dzimbiri Anapatsa Mlamu Wake

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji panali munthu wina wojambula zithunzi, dzina lake Dzimbiri. Anali ndi kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi wogulitsa mbewu. Panja panali benchi. M'kati munali nsalu yabuluu yoimapo ojambulitsa, kamera, makina otsukira zithunzi, tebulo la kompyuta, ndi mpando umodzi.

Dzimbiri anali munthu wa dongosolo. Ankatsegula pa nthawi yake ndi kutseka pa nthawi yake. Ankasesa yekha. Akaitanidwa ku ukwati ankafika mkwatibwi asanavale, ndipo ku maliro ankaima patali, osakankha olira kuti apeze malo abwino. Chifukwa cha ichi anthu a midzi yozungulira anamukhulupirira. Maukwati awo, zinkhoswe, ubatizo wa ana, makwaya a mipingo, zonse zinadutsa m'kamera yake.

Ndipo sankafufuta kanthu. Mukudziwa mmene nyumba zathu zilili. Denga limadontha, chiswe chimalowa m'sutikesi, ana amaseweretsa sidi mpaka itakalika. Munthu akataya chithunzi chake ankabwerera kwa Dzimbiri, ngakhale patapita zaka, ndipo ankachipeza. Motero kachipinda kaja kanasanduka mosungira nkhope za anthu a dera lonselo, amoyo ndi akufa omwe.

Katswiri amene anamugulitsa kompyuta ku Lilongwe anamuchenjeza tsiku logula lomwelo. Anamuuza kuti kunja kuno kuli akuba amene sathyola chitseko. Amatumiza uthenga wooneka wabwino. Munthu akautsegula, mumalowa vayirasi imene imakhoma chilichonse chili m'kompyuta, ndi chilichonse cholumikizidwa nayo pa nthawiyo. Zinthu zimakhala momwemo, koma sizitseguka. Kenako akubawo amafuna dipo kuti apereke kiyi.

Dzimbiri anamva, ndipo anachitapo kanthu. Anagula kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, kosungiramo zithunzi, kamene kamalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe. Kabokosiko kankakhala kunyumba. Loweruka masana ankabwera nako, kuzimitsa intaneti, kukopereramo ntchito yonse ya sabatayo, kukachotsa, ndi kubwerera nako kunyumba. Anaikanso lamulo lachiwiri: pampando wa kompyuta sipakhala munthu wina aliyense. Wobwera ndi fulashi yake kuti amuikire nyimbo ankatumizidwa kwa oika nyimbo a tsidya la msewu. Anthu ankanena kuti mpando wa Dzimbiri uli ngati gome la abusa, sakwerapo wamba. Malamulo awiriwa anawasunga zaka zambiri, ndipo sanataye chithunzi ngakhale chimodzi.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mayi wachikulire, a Nankhoma, ochokera m'mudzi wa kuseri kwa dambo. Anaima pakhomo, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope.

"Bambo Dzimbiri, kodi mwana wanga akadali muno?"

Dzimbiri anamvetsa. Mwana wawo Dalesi anakwatiwa zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo Dzimbiri ndiye anajambula kanema wa ukwatiwo. Dalesi anamwalira pobereka mwana wake woyamba, wamkazi. Mwamuna wake anapita ku Joni ndipo anasiya kuimba foni. Mwanayo anakulira m'manja mwa a Nankhoma, ndipo tsopano anali atayamba kufunsa za mayi ake. Sidi ya ukwati imene inali kumudzi inaonongeka pamene khoma la nyumba linagwa ndi mvula. Abale anali atamanga chiliza cha Dalesi, ndipo mwambo wake unali Loweruka lotsatira. A Nankhoma ankafuna kuti pa tsikulo mwanayo aone mayi ake akuyenda, ndi kumva mawu awo.

Dzimbiri anafufuza m'kompyuta, nampeza kanemayo. Anamutsegula. Dalesi anaoneka atavala zoyera, akutuluka m'tchalitchi, akuseka chifukwa mphepo inkamulanda nsalu ya kumutu. Kenako anaoneka ataima pamaso pa anthu, atalandira maikolofoni, akuyamba kulankhula.

"Zimitsani," anatero a Nankhoma. "Zimitsani, bambo. Ndisamalize ndekha. Ndikaonere limodzi ndi mwini wake."

Masidi osalemba anali atatha m'situdiyomo. Atsopano ankabwera Lolemba pa minibasi.

"Pitani, mayi," anatero Dzimbiri. "Musayendenso ulendo wina. Lachisanu ndibweretsa ndekha kwanu."

A Nankhoma anathokoza, nanyamula nsapato zawo, napita.

Masana Dzimbiri analumikiza kabokosi kaja monga mwa chizolowezi. Sabata imeneyo kunali maukwati ambiri, ndipo kukopera kunkayenda pang'onopang'ono. Ntchito ili pakati, kunafika mlamu wake Jailosi.

Pano muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Dzimbiri anali mkamwini. Nyumba yake inamangidwa pa malo a kwa mkazi wake, ndipo Jailosi, mlongo wamkulu wa mkaziyo, ndiye anali mwini mbumba, malume wa ana ake. Jailosi sanali munthu woipa. Anali mlimi wa dimba, wanthabwala, wa mawu omveka kutali.

"Alamu! Mukadali moyo m'kaphanga kanuka?"

"Tilipo, alamu. Khalani pabenchipo, ndikupezereni choziziritsa kukhosi."

"Benchi ndi la makasitomala. Ine ndabwerera mpando uwo."

Anatulutsa foni, namuonetsa uthenga. Unkati bungwe lina la kunja likugawa mapampu othirira a mphamvu ya dzuwa, ndipo Jailosi wasankhidwa. Panali chikalata choti atsegule pa kompyuta, asindikize, asaine, ndi kubweza tsiku lomwelo. Pa foni chinkakana kutseguka.

Dzimbiri anawerenga uthengawo mosamala.

"Alamu, bungwe limeneli munalembetsako liti?"

"Mwayi umayamba wagogoda? Mwina anamva za tomato wanga."

"Ine uthenga uwu sindikuukhulupirira. Ngati mukufunabe, yesani kwa oika nyimbo tsidya ilo."

"Atseka. Apita ku mpira."

"Ndiye dikirani Lolemba, tikafunse kaye kwa alangizi."

"Lolemba pampu ikhala ikuthirira dimba la munthu wina."

Pabenchi panali telala ndi anthu ena amene ankadikira kuti dzuwa lichepe. Jailosi anatembenukira kwa iwo, natambasula manja.

"Mwamva, atelala? Ine ndinapereka mlongo wanga wathunthu, miyendo iwiri, mano onse. Ndinaonjezapo malo omangapo nyumba. Lero ndikupempha mpando wa pulasitiki, akuti ndibwere Lolemba."

Anthu anaseka. Telala anaseka mpaka kutsokomola. Wina anati, "Khalani nawo mpandowo, iwo atenge mlongo wawo."

Dzimbiri anachita manyazi. Anadziwa kuti nkhaniyi ikafika kunyumba iye asanafike, ndipo ikafika itakula. Akazi akanena pachitsime kuti mkamwini uja wayamba kudzimva. Anayang'ana kabokosi. Kanyali kake kankaphethira, kusonyeza kuti kukopera kukadali m'kati. Akanatha kukachotsa kaye. Koma Dzimbiri sankakonda kusiya ntchito pakati, ndipo anati mumtima mwake, ndi kanthawi chabe.

Anaimirira, nakokera mpando kumbuyo, nayatsa intaneti.

Jailosi anakhala pansi mokondwa. Analemba dzina lake ndi chala chimodzi, napeza uthenga uja, nadina chikalatacho. Pa kompyuta panatuluka kawindo kolembedwa m'Chingerezi. Kankachenjeza kuti chinthuchi sichikudziwika kumene chachokera, ndipo kankafunsa ngati chiloledwe.

"Ikuti chiyani?" anafunsa Jailosi.

"Ikufunsa ngati tikumudziwa amene watumiza."

"Iuzeni kuti ndabwera naye ndine."

Pabenchi anasekanso. Dzimbiri anali ataima kumbuyo kwa mlamu wake. Anawerenga chenjezolo, ndipo analimva bwinobwino. Sanagwire dzanja la mlamuyo. Jailosi anadina.

Sipanaoneke kanthu. Panatuluka tsamba loyera lopanda mawu. Anadinanso, koma zinali chimodzimodzi.

"Makina anu ndi aulesi," anatero Jailosi, akuimirira. "Basi, pampu yapita. Tiyeni mundiperekeze, mwina mungachiteko chimenecho."

Mlendo amaperekezedwa, ndipo mlamu wamkulu saperekezedwa ndi maso. Dzimbiri anapempha telala kuti aziyang'ana pakhomo, natuluka. Kompyuta anaisiya yoyaka, intaneti yoyaka, kabokosi kali pachingwe. Ulendo wa ku siteji unali waufupi, koma Jailosi ankaima kupatsa moni aliyense, ndipo kenako anayamba nkhani ya malire a munda, imene mkamwini sangaidule. Telala anagwira ntchito yake mokhulupirika. Pakhomo paja sipanalowe munthu.

Dzimbiri atabwerera, dzuwa litapendeka, anapeza kompyuta yonse yafiira. Panali mawu akuluakulu. Ankati zinthu zake zonse zakhomedwa, ndipo kiyi ali ndi amene azikhoma. Anatchula dipo, ndi njira yotumizira. Anati akachedwa dipolo likwera.

Anazula chingwe cha kabokosi msangamsanga. Kenako anayesa kutsegula chithunzi chimodzi. Chinakana. Anayesa china. Chinakana. Anapita pa kanema wa Dalesi. Dzina linalipo, ndi zilembo zachilendo kumapeto kwake. Kanemayo sanatseguke.

Lolemba, m'malo mokalandira masidi, anakwera minibasi kupita ku Lilongwe, kompyuta ili pamiyendo, kabokosi kali m'thumba la jekete. Katswiri uja anayang'ana zonse ziwiri, osafulumira.

"Kabokosi kanali kolumikiza pamene izi zinkachitika?"

"Kanali kolumikiza."

"Kulinso kwina kumene munasunga?"

"Kulibe."

Katswiriyo anamubwezera kabokosiko.

"Bambo, kompyutayi ndikhoza kuitsuka, igwirenso ntchito ngati yatsopano. Koma zimene zili m'katimu sindingazitsegule, ndipo sindikudziwa munthu amene angazitsegule. Kanenani ku polisi. Ndipo ndikupempheni, musalipire. Ambiri amalipira, kiyi osabwera."

Dzimbiri anakanena ku polisi, ndipo apolisi analemba. Koma mawu otsiriza a katswiri uja sanawamvere, chifukwa ankaona nkhope ya a Nankhoma. Anagulitsa kamera yake, imene inadyetsa ana ake zaka zonsezo. Anapeza munthu m'tauni wodziwa kutumiza ndalama m'njira imene akubawo ankafuna, natumiza dipolo. Yankho linabwera msanga, ndipo linali laulemu. Akubawo anathokoza. Anati nthawi inali itadutsa kale, choncho atumize zina. Iye analemba kuti alibe china chogulitsa. Anafotokoza za mwana wamasiye ndi za chiliza. Akubawo sanayankhenso.

Jailosi anamva, nabwera kunyumba ndi nkhuku m'khwapa. Tsiku limenelo nthabwala analibe.

"Alamu, ine ndinangodina pamene panali podina."

"Si inu, alamu," anatero Dzimbiri. "Amene anaimirira pampando ndine."

Masiku otsalawo anayenda m'midzi kufunsa amene anali pa ukwati wa Dalesi, ngati wina anajambulako pa foni. Nthawi imeneyo a mafoni ojambula anali ochepa. Wina anati yake inabedwa. Wina anati inagwera m'chitsime. Wina anaigulitsa kalekale. Pomaliza anapeza chithunzi chimodzi kwa mayi wina wa kwaya. Chinajambulidwa patali, ndipo nkhope ya mkwatibwi inali yaing'ono ngati nyemba.

Lachisanu anawoloka dambo wapansi. Akanatha kutuma munthu, koma analonjeza kuti abwera yekha.

Pakhomo pa a Nankhoma panali anthu ambiri. Amayi ankasefa thobwa. Amuna ankamanga chisakasa. Pakhonde panali TV yobwereka kwa mphunzitsi, yofunditsidwa chitenje, ndi batire yotchajitsa kale pambali pake. Anthu atamuona anakondwa, ndipo wina anafuula kuti wa kanema wafika.

A Nankhoma anamuyalira mphasa, namupatsa madzi. Dzimbiri anavula chipewa. Ananena zonse monga zinachitikira, osabisa mbali yake, ndipo dzina la mlamu wake sanalitchule. Anapereka kachithunzi kaja. A Nankhoma anakayang'ana pafupi, anakayang'ana patali, nakaika pamiyendo.

"Anthu amenewo akufuna chiyani ndi mwana wanga? Amamudziwa?"

"Samudziwa, mayi. Sadziwa ngakhale kuti mudzi uno ulipo."

"Nanga amupititsa kuti?"

"Sanamupititse kwina. Ali momwemo m'makina. Koma chitseko sichitseguka."

A Nankhoma anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Amayi a thobwa anali atasiya kusefa.

Kenako anaitana mdzukulu wawo. Anabwera mwana wa msinkhu woyamba sukulu, tsitsi lolukidwa kumene chifukwa cha mwambo wa mawa. Anagwada pafupi ndi agogo ake.

"Bambo Dzimbiri," anatero a Nankhoma, "tsiku la ukwati lija ine ndinali kumapoto, kuphikira alendo. Pamene mwana wanga ankalankhula pa chimkuza mawu sindinamve. Anthu anangondiuza kuti wanditchula. Inu munali pafupi naye kuposa wina aliyense. Muuzeni mwanayu zimene mayi ake ananena."

Dzimbiri anayesa kukumbukira. Anakumbukira kuti dzuwa linali kumbuyo kwa mkwatibwi ndipo linkamuvutitsa. Anakumbukira kuti batire ya kamera inkatha. Anakumbukira munthu wamtali amene ankangodutsa kutsogolo. Mawu sanawakumbukire. Wojambula amayang'ana, samvetsera, pakuti amadziwa kuti makina akumusungira.

"Mayi ako anavala zoyera," anatero kwa mwanayo. "Anaoneka bwino kwambiri. Ankaseka."

Mwanayo anamuyang'ana m'maso.

"Ankaseka bwanji?"

Mwanayo anadikira. Anthu onse anadikira. Patapita nthawi, munthu wina anadzuka mwakachetechete, nanyamula TV ija kukabweza kwa mphunzitsi.

Tsopano mverani, inu amene muli ndi mashopu, masitudiyo, timasukulu ndi timazipatala, amene mwayamba kusunga ntchito zanu m'makompyuta. Makolo athu sankamanga nkhokwe mogundana ndi khitchini. Ankadziwa kuti moto ukabuka umadya zonse zogundana. Chosungira chanu chachiwiri chizikhala chozula, kutali, ndipo ngati mungathe mukhale ndi chachitatu kwina. Mukachilumikiza, intaneti ikhale yozima ndipo inu mukhale pomwepo kufikira mutachizula. Uthenga wokupatsani mphatso imene simunapemphe, wokuuzani kuti mufulumire lero lomwe, musautsegule. Makina akakuchenjezani, imani. Ndipo wakuba musamulipire, pakuti amene wakuberani alibe chifukwa chokusungirani lonjezo.

Musanene kuti ine ndine wamng'ono, akuba a kunja andifuniranji. Iwo sasankha. Amatchera misampha paliponse, ndipo sadziwa dzina la amene wakodwa.

Ndikudziwa kuti chovuta si makina. Chovuta ndi kukaniza munthu amene mumamulemekeza, anthu akuyang'ana. Ulemu ndi wabwino, ndipo amene alibe ulemu sanaleredwe. Mlamu wanu mupatseni mphasa, mumuphere nkhuku, mumuperekeze mpaka kumsewu. Zimenezo ndi zanu, mungapereke. Koma zimene anthu anakusungitsani si zanu, ndipo simungagule nazo mtendere wa pakhomo panu. Dzimbiri anasunga lamulo lake zaka zambiri pamaso pa alendo, pamene kulisunga kunali kosavuta. Analisiya masana amodzi pamaso pa mbale. Kusekedwa pabenchi kukanatha tsiku lomwelo. Koma mwana uja akukula, ndipo adzakalamba, osamva mawu a mayi ake.